Mafuta a Nzimbe ndi Magetsi a Dzuwa: Pamene Malawi Wafika

Dziko la Malawi lilibe zitsime za mafuta ndiponso lilibe doko, motero petulo ndi dizilo yense amene galimoto za m'dziko muno zimayendera amagulidwa ndi ndalama zakunja ndipo amadzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Pofuna kuchepetsa mtolo umenewu, dzikoli lidayamba kusakaniza petulo ndi ethanol m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya Ethanol Company idatsegulidwa ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, ndipo lidakhala limodzi mwa mayiko oyambirira mu Africa kuchita zimenezi. Fakitale yachiwiri, ya PressCane, idayamba ntchito ku Chikwawa mu 2004.

Ethanol ndi mafuta ochokera ku zomera, ndipo kuno amapangidwa kuchokera ku zotsalira za shuga. Nzimbe zikafinyidwa, madzi ake n'kuphikidwa mpaka shuga atapatukana, pamatsala madzi akuda onanda otchedwa molasesi, amene amawathira yisiti kuti asase. Akasasa amawatcheza monga momwe amatchezera kachasu, kenako n'kuchotsamo madzi otsala kuti asakanikirane bwino ndi petulo. Ndondomeko ya boma ndi yoti pa malita 100 aliwonse a petulo wogulitsidwa, malita 20 akhale ethanol, koma nthawi zambiri mlingowu sukwana chifukwa molasesi wochokera ku mafakitale a shuga a Dwangwa ndi Nchalo ndi wochepa, komanso amapezeka makamaka m'nyengo yodula nzimbe. Zotsatira zake n'zakuti makina amene akadatha kutulutsa mafuta ambiri amangokhala kwa miyezi ingapo, pamene dziko likusowa ndalama zogulira petulo ndipo galimoto zikugona pa mizere. Ntchito yofinya mafuta a msatsimanga kuti asakanizidwe ndi dizilo idayesedwanso pakati pa alimi ang'onoang'ono, koma sidakule monga ankayembekezera.

Kumbali ya malamulo, zambiri zidakonzedwa kale. Lamulo la mu 2004 lidakhazikitsa bungwe la MERA, lomwe limapereka ziphaso ndi kuyang'anira mitengo ya mafuta ndi magetsi, ndipo mu 2017 ntchito yopanga magetsi idachotsedwa ku ESCOM n'kuperekedwa ku kampani yatsopano ya EGENCO, zomwe zidatsegulira khomo makampani omwe si aboma kuti azipanga magetsi n'kumagulitsa. Ndondomeko ya zamphamvu ya mu 2018 idatsindika kufunika kwa mphamvu zongowonjezereka, kutanthauza mphamvu zochokera ku zinthu zosatha monga dzuwa, mphepo, madzi ndi zomera.

Kufunika kwa kusinthaku kudaonekera poyera mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Popeza magetsi ambiri a m'Malawi amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, chilala kapena kusefukira kwa madzi kumagwetsa dziko lonse mu mdima. Munda wa magetsi a dzuwa wa ku Salima, wotulutsa mamegawati 60, womwe udatsegulidwa mu 2021, pamodzi ndi wa ku Golomoti m'boma la Dedza, wa mamegawati 20 komanso wokhala ndi mabatire osungira magetsi, ndiwo adathandiza kuchepetsa vutolo.

Komabe chitukuko chonsechi sichidafike kukhitchini, kumene mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikirabe nkhuni kapena makala, ndipo matumba a makala amene amalowa mu Lilongwe ndi Blantyre pa njinga tsiku lililonse akupululutsa nkhalango monga ya Dzalanyama, yomwe ndi gwero la madzi a likulu la dziko. Mbaula zosunga nkhuni monga ya Chitetezo zikuthandiza, koma sizingathetse vutoli pazokha ngati magetsi, gasi kapena ethanol wophikira sizikupezeka pa mtengo umene banja wamba lingakwanitse.

Malawi adayamba msanga ndipo malamulo ali nawo, koma phindu lenileni lidzaoneka pokhapokha alimi atathandizidwa kulima nzimbe zokwanira mafakitale a ethanol, ndiponso mphamvu zoyerazi zitafika pa moto wophikira nsima.