Wogula nyumba m'mbali mwa nyanja afunse kaye

Kwa zaka zambiri nyumba sinali katundu wamalonda m'boma la Lago. Munthu ankapempha malo kwa mfumu, kuumba zidina, kufolera ndi udzu, basi. Akasamuka, nyumbayo inkatsalira abale.

Zinthu zidayamba kusintha nkhondo itatha mu 1992, pamene anthu omwe adathawira ku Likoma ndi madera ena a Malawi adayamba kubwerera kwawo. Mu 1998 Metangula adakhala ndi khonsolo yakeyake, ndipo mu 2011 boma lidaika mbali ya Mozambique ya nyanja ya Niassa m'gulu la malo otetezedwa. Aphunzitsi, anamwino, ogula usipa ndi ofuna kumanga malo ogona alendo, onsewa amafuna pokhala. Nyumba tsopano ili ndi mtengo, ndipo pamene pali mtengo sipalephera kufika mkhalapakati, yemwe ku Malawi amamutchula kuti dobadoba.

Chinthu choyamba chimene wogula ndi wogulitsa ayenera kudziwa ndi chakuti ku Mozambique nthaka sigulitsidwa. Malamulo aakulu a dziko komanso lamulo la malo la 1997 amati nthaka yonse ndi ya boma. Munthu amangokhala ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, womwe umatchedwa DUAT. Ufuluwu amaupeza mwa mwambo wa kwawo, kapena atakhala pamalopo mwachilungamo kwa zaka 10, kapena atachita kupempha kuboma. Ngakhale popanda pepala, umboni wa anthu a m'mudzi umavomerezeka.

Zomwe zimagulitsidwa ndi zimene munthu waikapo: nyumba, khitchini, chitsime, mitengo ya mango. Choncho mtengo woona uyenera kuchokera pa njerwa, malata, simenti, zitseko, ndalama ya mmisiri ndi yonyamulira katundu kuchokera ku Lichinga. Kenaka awonjezere kapena kuchotsera poona kuyandikira kwa msewu, msika, chipatala ndi magetsi.

Kale nyumba yoyang'anana ndi madzi inkaoneka ngati ndiyo yamtengo wapatali. Koma mu 2024 nyanja idakwera kwambiri, ndipo kutsidya, ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, nyumba ndi malo ogona alendo zidalowa madzi. Nyanjayi ndi imodzi; ikakwera uko yakweranso kuno. Kuwonjezera apo, malamulo a 1998 olongosola lamulo la malo adaika mamita 50 kuchokera pomwe madzi amalekeza akadzaza kukhala malo otetezedwa. M'menemo DUAT siperekedwa, koma chilolezo chapadera chokha. Wolipira ndalama zambiri chifukwa cha mchenga wa pakhomo angapezeke kuti wagula chikomekome cha mkuyu.

Nanga mkhalapakati? Ntchito yake ndi yeniyeni. Amadziwa yemwe akusamuka ndi yemwe akufuna nyumba, ndipo amayenda mitunda pamene mwini nyumba ali panyanja kapena kumunda. Wotere ayenera kulandira kangachepe. Vuto limabwera pa kapezedwe ka ndalamayo.

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi yopangana komishoni poyera. Mwachitsanzo, nyumba ikagulidwa pa 300,000 meticais, ndipo adapangana 5 pa 100 iliyonse, mkhalapakati alandira 15,000. Aliyense adziwa zake. Yachiwiri ndi ya mseri: mwini nyumba atchula 300,000, mkhalapakati kwa wogula akanena 380,000, ndipo 80,000 yapamwambayo ilowa m'thumba mwake. Wogula wapwetekeka. Mwini nyumba nayenso waluza, chifukwa ogula ena amathawa mtengo umene iye sadautchule, nyumba n'kumangokhala, chiswe chikudya denga. Choipa china n'chakuti anansi akamva 380,000 nawonso amakweza zawo, mpaka mwana wa m'mudzi momwemo kulephera kugula kwawo.

Mankhwala ake ndi apafupi. Wogula ndi wogulitsa aonane maso ndi maso, mtengo utchulidwe onse akumva. Komishoni ipanganidwe ntchito isanayambe, alembe kuti alipire ndani, ndipo iperekedwe malonda atatheka. Mfumu kapena mlembi wa dera, pamodzi ndi eni malire, akhalepo. Mkazi wa mwini nyumba ndi ana, makamaka ngati ndi nyumba ya masiye, avomereze, pakuti lamulo limapereka ufulu wofanana kwa amuna ndi akazi pa nkhani ya malo.

Pomaliza, kapepala kolembera pansi pa mtengo sikokwanira. Lamulo limafuna kuti kusintha umwini wa nyumba kulembedwe kwa notale, ndipo kumidzi boma liyambe lavomereza. Palinso msonkho wotchedwa sisa, umene wogula amalipira. Wokhala m'tauni ya Metangula akafunse kukhonsolo, ndipo wa ku Cóbuè, Maniamba kapena Meluluca ayambire ku ofesi ya boma ya kwawo, asanatulutse ndalama ngakhale ya chikole. Akulu adati safunsa adadya phula.