Chilankhulo Nachonso Chili ndi Malamulo Ake

Makolo ena kuno ku Salima amadabwa akamva kuti mwana wawo akuphunzira za zilankhulo ku Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba. Amati, "Kodi Chicheŵa n'chophunzira? Si chomwe anayamwira?" Abale, nkhaniyi ndi yozama.

Wophunzira wa chaka choyamba amayamba ndi khutu. Amamvetsera mawu akuti mtengo: tikakweza liwu pa "te" ndi wa m'nkhalango, tikalitsitsa ndi wa chambo pamsika. Khungu la pathupi ndi khungu la maso zimasiyananso motero. Zilembo zathu sizisonyeza zimenezi, komabe mwana wa Sitandade 1 saphonya. Pulofesa Al Mtenje anafufuza kwambiri kakwezedwe ka liwu kameneka.

Kenaka amafanizira zilankhulo, ndipo apa mpamene ife aphunzitsi a kunyanja tiyenera kutchera khutu. Chicheŵa chitasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, ana ambiri a asodzi Achiyao ankangoti duu m'kalasi, ena nkumawayesa mbuli. Chikhalirecho ankafika ndi chilankhulo chathunthu, chachibale ndi chathu m'banja la Bantu. Pagombe la Senga Bay Myao amati mesi, Mtonga amati maji, ife timati madzi.