N'chifukwa Chiyani Ena Amangokhala Chete Pagulu?

Mphunzitsi akanena kuti tikhale m'magulu tikambirane, zomwe zimachitika timazidziwa tonse. Pagulu la anthu 8, awiri ndiwo amayankhula, mmodzi amalemba, otsalawo amangogwedeza mutu. Nthawi ikatha, wodziwa bwino Chingerezi amaimirira n'kufotokozera kalasi, basi timati gulu lakambirana. Koma uja sanatsegule pakamwa amatuluka ndi mafunso omwe analowa nawo, ndipo adzakumana nawo ali yekha tsiku la mayeso.

Sikuti aliyense wokhala chete ndi wosadziwa. Ambirife tinaleredwa kuti mwana samalowerera akuluakulu akamayankhula, ndipo ulemu umenewu timalowa nawo m'kalasi. Komanso maphunziro athu amachitika m'Chingerezi. Wophunzira amayamba waganiza yankho m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao kenako n'kulimasulira, ndipo akamamaliza amapeza mnzake wayankha kale. Wina anasekedwapo ku Fomu 1 atathyola Chingerezi, ndiye mpaka lero safuna kuchitanso manyazi. Anthu oterewa kungowauza kuti "masukani" sikuthandiza. Chofunika kusintha ndi kayendetsedwe ka zokambiranazo.

Choyamba ndi nthawi yoganiza. M'zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe wa ku America anapeza kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso ankadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha. Atayamba kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho anatalika ndipo ophunzira ambiri, ngakhale aja osayankhulayankhula, anayamba kuyankha. Wotsogolera gulu naye angachite chimodzimodzi: afunse, kenako adekhe.

Chachiwiri ndi kuyambira pa anthu ochepa. Mu 1981, Frank Lyman wa ku University of Maryland anafalitsa njira yotchedwa think-pair-share. Aliyense amaganiza kaye payekha, kenako amauza mnzake mmodzi, pomaliza awiriwo amafotokozera gulu lonse. Kuuza munthu mmodzi sikuopsa ngati kuimirira pamaso pa kalasi, ndipo pofika pagulu umakhala utaliyeserera kale yankho lako.

Chachitatu ndi kupatsa aliyense gawo lake. Njira ya jigsaw inayambitsidwa ndi Elliot Aronson mu 1971 ku Austin, m'chigawo cha Texas, pamene ana a mitundu yosiyana anali atangoyamba kuphunzira pamodzi ndipo sankagwirizana. Tiyerekeze kuti phunziro ndi la kukokoloka kwa nthaka. Pagulu la anthu anayi, wina atenge za kudula mitengo, wina za kutentha tchire, wina za kulima m'malo otsetsereka, wina za kudyetsa ziweto zambiri pamalo amodzi. Aliyense aphunzitse anzake gawo lakelo. Mmodzi akakhala chete, gulu lonse silimaliza ntchito, choncho anzake amayamba kumumvetsera m'malo momudula mawu.

Njira zonsezi zimagwa ngati yankho lolakwika likusekedwa. Mphunzitsi kapena wotsogolera afunse kuti, "Mwafika bwanji pa ganizo limeneli?" Kawirikawiri m'kufotokozamo mumapezeka mfundo yabwino, ndipo pomwe munthu wasokonekera pamaonekera. Ngati mphunzitsi walola, gulu likhoza kuyamba kukambirana m'chiyankhulo chomwe onse akumva, kenako n'kuthandizana kuika mfundozo m'Chingerezi.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tisadikire kuti tidzayese zimenezi tikadzapita kukaphunzitsa. Tiyambire m'magulu athu omwewa. Ngati ndinu woyankhula kwambiri, sabata ino yambani mwafunsa mnzanu amene sanayankhulepo, ndipo mumudikire amalize. Ngati ndinu wamanyazi, lembani mfundo imodzi papepala musanapite kugulu, n'kukaiwerenga mmene mwailembera. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo funso limene mukuopa kufunsalo mwina anzanu atatu pagulupo ali nalonso.