Kodi Mlimi Agule Foni Yotani?

Cimanga, nshawa ndi soya zikagulitsidwa, miseu yolowa mu Chipata imadzaza ndi anthu a kumidzi odzagula katundu. Ena afuna malata, ena njinga, koma masiku ano ambiri amathera pa mathebulo a ogulitsa mafoni pa msika wa Kapata ndi m'masitolo a ku Down Shops. Pamenepo pamabuka mtsutso umene aliyense woima pafupi amaponyapo mau ngakhale sanafunsidwe: kodi munthu wa kumudzi agule foni yaikulu ya galasi, ija anyamata aicha simatifoni, kapena kafoni ka mabatani?

Anyamata ndi asungwana sacedwa kuyankha. Iwo amati munthu wopanda WhatsApp ali ngati wokhala m'phanga, cifukwa nkhani za maliro, za nchito ndi za mitengo ya mbeu zimayamba kufika kumeneko. Amatinso foni ya galasi imaonetsa nkhope ya mdzukulu wobadwira ku Kitwe amene agogo ake sanamunyamulepo. Akuluakulu amapukusa mutu. Kwa iwo foni yabwino ndi imene moto wake ukhala masiku angapo osaichaja, imene iri ndi toci ndi wailesi, ndiponso imene ikagwa pa njinga munthu angoitola ndi kuipukuta fumbi. Ya galasi, iwo atero, iri ngati mwana wakhanda: ifuna kudyetsedwa mabandulo tsiku ndi tsiku, ndipo ikagwa kamodzi kokha mwini wake aliranso.

Makani otere si acilendo m'dziko lino. M'caka ca 1949, mzinda uno ukali kuchedwa Fort Jameson, kunabwera wailesi yaing'ono yooneka ngati poto, imene azungu anaicha Saucepan Special. Inapangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain mopemphedwa ndi Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani mu Northern Rhodesia. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire lake linali la mashiling'i 25. Pa nthawi imeneyo izi zinali ndalama zambiri, koma amene anaigula anali kuzingidwa ndi mudzi wonse madzulo alionse kuti amve Cinyanja cocokera ku Lusaka. Wailesi ija inali ya kumvera cabe. Batire likatha, munthu anali kutaya nyimbo ndi nkhani, koma cuma cake cinali kukhala bwinobwino m'nkhokwe ndi m'khola.

Foni ya lero yasiyana pamenepo, ndipo apa ndi pamene ife tiona kuti otsutsana a pa Kapata aphonya mutu wa nkhani. Foni tsopano ndi cikwama. Makolo athu amene anali kugwira nchito ku migodi ndi ku Harare anali kutumiza ndalama pa positi, kapena kupatsira mnzao wobwera kumudzi, ndipo kawirikawiri zinali kufika mvula itapita kale. Lero mwana ali ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 550, atumiza ndalama m'mawa ndipo amai ake azitapa pa kabuthu dzuwa lisanafike pamutu. Makampani amene tinawadziwa monga Telecel ndi Celtel, amene anasanduka MTN mu 2005 ndi Airtel mu 2010, pamodzi ndi Zamtel, tsopano asunga ndalama za anthu ambiri amene sanalowepo m'banki. Boma nalonso linaona kukula kwa malonda amenewa, ndipo kuyambira mu January 2024 pali msonkho pa ndalama zotumizirana pa foni.

Ndalama zimenezi sizikhala m'galasi kapena m'mabatani. Zimakhala pa nambala, ndipo nambala iri pa kakhadi kaja ka SIM, kocepa ngati cikhadabo, kamene ambiri sakaganizirako pogula foni.

Wolemba nkhani ino anaziona yekha. Azakhali ake, amene alima kufupi ndi Chipangali, anagulidwa foni ndi mwana wa mlongo wao, ndipo mnyamatayo, pofuna kufulumira, analembetsa SIM pa citupa cake ca NRC, cija ticicha regi. Zaka zinapita popanda bvuto. Caka cina, atangolandira ndalama za soya pa foni yomweyo, azakhaliwo anaitaya pobwerera kucokera ku cigayo. Anakwera galimoto kudza ku tauni ali ndi regi yao m'manja kuti awapatse SIM ina pa nambala yomweyo, koma anauzidwa kuti nambalayo si yao, ndi ya dzina lina. Mwini dzinalo anali atasamukira kutali kukafuna nchito, ndipo panapita masabata asanapezeke. Ndalama sizinabedwe iai, koma nthawi yogula mbeu inawapitirira, ndipo ulendo wa ku tauni anauyenda katatu. Wa pa kauntala sanalakwe: lamulo la bungwe la ZICTA, limene linacititsa kalembera wa ma SIM onse pofika kumapeto kwa 2013, liti nambala iriyonse ikhale ndi mwini wake wodziwika ndi citupa.

Nkhani imeneyi ikhudzanso fataleza. Boma linayamba kuyesa e-voucher m'cikonzero ca FISP mu 2015 m'maboma 13, pogwiritsa nchito makhadi a ku banki. M'kacitidwe ka zaka za posacedwa, mlimi akalipira K400 yake, uthenga wokatengera fataleza ndi mbeu kwa wogulitsa umafika pa nambala imene analembetsa kwa alangizi. Amene anapatsa alangizi nambala ya mwana wake, kapena ya mnansi amene anakangana naye pambuyo pake, adziwa kuwawa kwake. Uthenga wotere umalowa bwino lomwe pa kafoni ka mabatani, ndipo sufuna bandulo.

Nanga akawalala? Ndani mwa inu owerenga amene sanalandirepo uthenga wakuti ndalama ija muitumize pa nambala iyi, cikhalireco simunapangane ndi munthu? Ena amaimba lamya ndi mau aulemu, nadzicha anchito a kampani ya mafoni, nati nambala yanu itsekedwa lero mukapanda kuchula PIN. Kampani yeniyeni sifunsa PIN ya munthu. Nambala za anthu otere mungazineneze ku ZICTA potyapa *707#. Koma tinene zoona, ndalama zambiri za okalamba sizitha ndi mlendo wa pa lamya. Zimatha ndi mdzukulu wokondedwa amene agogo amamutuma ku kabuthu atamuuza nambala yacinsinsi, cifukwa iwo maso sawathandiza kuwerenga. Banja lirilonse lipeze munthu mmodzi wokhulupirika, ndipo agogo azipita naye okha potapa ndalama.

Pa nkhani ya moto, akuluakulu aja ali ndi mfundo. Mu February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atacepa ku Kariba, malaiti anali kuzima pafupifupi tsiku lonse, ndipo a m'tauni okhala ndi mafoni a galasi anali kuyendayenda ndi machaja m'manja monga ofuna madzi. Wa kumudzi wokhala ndi kasola kake pa denga ndi kafoni ka mabatani sanabvutike kwenikweni, kupatula pamene nsanja za netiweki nazonso zinazima. Abale a ku Mwami ndi ku Vubwi ali ndi dandaulo lao lapadera, pakuti mafoni ao nthawi zina amagwira netiweki ya ku Malawi mwini wake ali pakhonde pa nyumba yake mu Zambia.

Sitikana kuti foni ya galasi iri ndi nchito. Mphunzitsi, mlembi wa kopaletivu, kapena mnyamata wogulitsa tomato amene afuna kudziwa mtengo wa ku Soweto Market asanapakire mabokosi, ameneyo aigule, ndipo idzabweza ndalama zake. Koma mlimi amene afuna kulankhula ndi ana, kulandira ndalama ndi kumvera Breeze FM ali kumunda, asacite manyazi ndi mabatani. Ndalama yotsalayo ikwanira kasola kocha foni ndi kuunikira ana powerenga usiku.

Azakhali aja tsopano ali ndi nambala yolembedwa pa regi yao. Mnyamata uja, pofuna kupepesa, anawatumizira foni ya galasi, koma iwo anaipereka kwa mdzukulu wa giredi 12, nagula kafoni kena ka mabatani pa Kapata, kamene amakamanga pa mfundo ya citenje pamodzi ndi kiyi wa nyumba.