Patina pa mipeni ya chitsulo cha kaboni

Patina ndi kachikutiro kopyapyala kotuwa, kabuluu kapena kakuda kamene kamabwera pamwamba pa mpeni wa chitsulo cha kaboni. Kamapangika chitsulo chikakumana ndi asidi, chinyezi ndi mpweya wa okosijeni. Patina imabwera yokha pakapita miyezi mpeni ukugwira ntchito, koma anthu ena amaifulumizitsa dala pogwiritsa ntchito viniga, masitadi kapena khofi. Cholinga chake ndi kuchepetsa dzimbiri lofiira lomwe limadya chitsulo.

Chitsulo cha kaboni

Chitsulo cha kaboni ndi chitsulo chosakaniza ndi kaboni wochepa. Mwachitsanzo, mtundu wotchedwa 1095 uli ndi kaboni pafupifupi 0.95 peresenti. Mipeni yake imanoleka mosavuta ndipo imathwa kwambiri, koma imachita dzimbiri msanga ikasiyidwa yonyowa. Imasiyana ndi ya chitsulo chosachita dzimbiri, chomwe chimakhala ndi kromiyamu wosachepera 10.5 peresenti. Harry Brearley anapanga chitsulo chotere ku Sheffield mu 1913, ndipo m'zaka zotsatira chinafala m'makhitchini ambiri. Ngakhale zili choncho, mipeni ya kaboni ikupangidwabe. Kampani za Opinel ku France ndi Morakniv ku Sweden zimaigulitsa, ndipo amisiri a mumzinda wa Sakai ku Japan amasula mipeni ndi zitsulo zotchedwa Shirogami ndi Aogami.

Kusiyana kwa patina ndi dzimbiri

Zonse ziwiri zimachokera ku chitsulo ndi okosijeni, koma sizifanana. Dzimbiri lofiira ndi lofumbutuka, limasunga chinyezi ndipo limakanganuka, kotero chitsulo cha pansi chimapitiriza kudyeka mpaka kuchita timaenje. Patina imamatirira zolimba ndipo imakhala yosalala. Mbali ina ya patina yakuda ndi magnetite (Fe3O4). Chifukwa pamwamba pa chitsulo pamakhala patakutidwa kale, madzi ndi asidi sizifika msanga pa chitsulo chenicheni. Patina imachepetsanso kafungo ka chitsulo m'zakudya komanso kuda kwa anyezi akamadulidwa ndi mpeni watsopano.

Njira zofulumizitsira

Viniga wa kukhitchini amakhala ndi asidi pafupifupi 5 peresenti. Mpeni umaviikidwa m'vinigayo kapena kukulungidwa ndi kansalu konyowetsedwa naye, ndipo umatuluka wotuwa ponseponse. Viniga wofunda amagwira ntchito mwachangu kuposa wozizira.

Masitadi amakhala ndi viniga mkati mwake, ndipo poti ndi olimba ngati phala, amakhala pomwe apakidwa. Ichi ndi chifukwa chake amagwiritsidwa ntchito pojambula mizere kapena madontho pa mpeni. Mtundu umada kwambiri pomwe apakidwa mopyapyala, chifukwa mpweya umafikapo mosavuta.

Khofi wowawa kwambiri amachedwa. Mpeni umakhala m'khofiyo kwa maola angapo ndipo umatuluka wakuda. Ena amabaya mpeni mu mbatata ya kachewere, mu anyezi kapena m'ndimu n'kuusiya kwa kanthawi. Nyama yophika ikadulidwa idakali yotentha imasiya mtundu wabuluu.

Amisiri osula mipeni amagwiritsanso ntchito mankhwala a ferric chloride, makamaka poonetsa mizere ya chitsulo cha Damascus. Mankhwalawa ndi amphamvu ndipo amafuna magolovesi ndi zoteteza maso.

Ndondomeko

Poyamba mpeni umatsukidwa ndi sopo ndi madzi otentha, kenako umapukutidwa ndi sipiriti kuti mafuta onse achoke. Pomwe patsala mafuta, ngakhale a zala, asidi sagwira bwino ndipo pamatuluka mabanga. Chigwiriro cha mtengo chimatetezedwa ndi tepi. Asidi akapakidwa, mpeni umayang'anidwa pafupipafupi. Mtundu ukafika pofunika, umatsukidwa ndi madzi osakaniza ndi soda wophikira kuti mphamvu ya asidi ithe, n'kuumitsidwa nthawi yomweyo. Kubwereza kangapo kwa mphindi zochepa kumapereka patina yolimba kuposa kuviika kamodzi kwa nthawi yaitali. Pomaliza amapaka mafuta pang'ono. Ku Japan amakonda mafuta a camellia. Mafuta ophikira si abwino kusungira mpeni nthawi yaitali chifukwa amanata ndi kununkha.

Zoyenera kusamala

Asidi amadya chitsulo, choncho mpeni woiwalika m'viniga usiku wonse ukhoza kuchita timaenje tosachoka. Kukamwa kwa mpeni, pokhala kopyapyala, ndi komwe kumayamba kubuntha, ndipo mpeni umafunika kunoledwa ntchitoyi ikatha. Patina siletsa dzimbiri kotheratu. Mpeni uyenerabe kutsukidwa ndi kupukutidwa ukangotha ntchito. Dzimbiri lofiira likaoneka, lichotsedwe msanga pokwecha ndi soda wonyowa kapena sandipepa yosalala. Njira yomweyi imachotsanso patina ngati mwini mpeni akufuna kuyambiranso.

Maganizo osiyana

Ophika ena amaona kuti kufulumizitsa patina n'kosafunika, poti imabwera yokha podula nyama ndi ndiwo zamasamba tsiku ndi tsiku, ndipo yofulumizitsidwayo imasinthabe mtundu mpeni ukamagwira ntchito. Ena amaikonda chifukwa imateteza mpeni watsopano m'masabata oyambirira, pomwe chitsulo chimakhala chosakutidwa, makamaka m'madera a chinyezi chambiri monga a m'mphepete mwa nyanja.