Chomwe chimakanitsa zithunzi za RAW kutseguka

Ojambula zithunzi amene amakwera kumapanga a Chongoni m'boma la Dedza, malo omwe bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, amapindula akajambula mu RAW. M'mapangamo kuwala n'kochepa, ndipo zojambula zofiira za Akafula zinazilala. RAW imasunga zonse zimene kamera yaona, choncho chithunzi chakuda chimatheka kuchiwalitsa osachiwononga.

Vuto limadza pakompyuta, Photoshop ikakana kutsegula fayilo. Ena amathamangira kuganiza kuti memory card yawonongeka, pomwe nthawi zambiri ili bwinobwino. Makampani ambiri ali ndi RAW yawoyawo: Nikon ili ndi NEF, Sony ARW, ndipo Canon inayamba kuchoka pa CR2 kupita pa CR3 mu 2018. Photoshop CS6, yomwe Adobe inasiya kuiwonjezera makamera atsopano mu 2015, siizindikira CR3.

Pulogalamu yaulere ya Adobe DNG Converter imasandutsa fayiloyo kukhala DNG, imene CS6 imatsegula, ngakhale kuti converter yatsopano imakana Windows yakale. Fayilo yochokera m'kamera isafufutidwe mpaka DNG itatseguka bwino.