Za Kuwamba Nyama ndi Madzi a Zipatso

Inu amai ndi abambo a m'midzi ya pansi pa Phiri la Dedza, mudziwa kuti mbuzi siphedwa tsiku ndi tsiku. Ikaphedwa, banja lidya masiku awiri, tsiku lachitatu yotsalayo iyamba kununkha, ndipo chiweto chimene mwana adachiweta zaka ziwiri chithera agalu. Makolo athu adaletsa chitayiko chotere pakuwamba nyama pa nsanja. Ife tingoonjezapo kanthu kamodzi, ndiko madzi a zipatso.

Dziko lathu litithandiza. Phirili nlotalika mamita 2,198, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kuzizira kwa ku Bembeke ndi ku Dedza kuchepetsa ntchentche. Nyengo yomweyo mandimu ali mbwee, ndipo bwemba ndi malambe zikwera kuchokera ku chigwa cha Mtakataka ndi Golomoti. Abale athu obwera ku Joni asimba za nyama youma ya kumeneko imene aiviika mu viniga. Mandimu athu agwira nchito yomweyo, osataya ndalama.

Lezani nyama yopanda mafuta, mizere yopyapyala ngati chala, pakuti mafuta ndiwo ayamba kuonongeka. Pa kilogalamu imodzi thirani mchere supuni yaikulu yodzaza bwino, finyiranimo mandimu atatu, ndi tsabola ngati mufuna. Bwemba muyambe mwaiviika m'madzi ofunda pang'ono ndi kusefa. Kuwawasa kwake nkofatsa, ndipo ine ndiyesa kuti pa nyama ya mbuzi ipambana mandimu. Ikani zonse mu mphika wadothi, osati wachitsulo, chifukwa zowawasa zidya chitsulo. Bvundikirani, zigone pozizira usiku umodzi wokha. M'mawa tsanulani madzi, ndi kuyanika nyamayo pamwamba pa moto wosalilima, masiku atatu kapena anai, kufikira itauma gwa. Nkhungu ikatsika m'phiri musaitulutse panja, ingachite nguwi.

Papaya ndi chinanazi zisiyeni. Madzi ake afewetsa nyama kopitirira, isanduka phala isanaume. Mapichesi a ku Bembeke nawo atsekemera ndithu, koma apsa nyengo yotentha, ndipo kutsekemerako kuitana ntchentche ndi nyerere.

Tsono mverani ichi. Chimene chisunga nyama ndi mchere, utsi ndi kuuma, chipatso chingokometsa. Ndimu sachiritsa nyama yobvunda, kapena ya chiweto chofa chokha. Imeneyo ikwirireni, pakuti nthenda zina za ng'ombe zipha ndi anthu omwe. Nyama ya nkhumba yokhala ndi timasenga toyera ibala njoka za m'mimba, ndipo kuyanika sikupha timasengato. Chotero nyama youma iriyonse muiphike kufikira itapsa ana asanailawe: iviikeni m'madzi ifewe, iwire bwino, ndipo potsiriza thirani nsinjiro.